Mafunso Atatu Oyenera Kufunsa Ngozi Isanagwe

Nkhani yophunzitsa yolankhulidwa kwa amalonda ndi ogula pa Msika wa Lundazi

 Ndikudziwa kuti mwasiya mabenchi, ena mwasiya tomato ndi kapenta m'manja mwa ana, choncho ndilunjika pa nkhani yomwe yatisonkhanitsa.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Honda ikagundana ndi lole pa msewu wa ku Chipata, mayi akayamba kutaya magazi atangobereka, mwana akakomoka ndi malungo pakati pa usiku, kapena mlimi akalumidwa ndi njoka m'munda wa soya, palibe amene amakhala ndi mpata wofufuza. Timangonyamula wodwala n'kuthamangira kwa aliyense amene wavala zoyera. Ndiye chifukwa chake kufufuzako kuyenera kuchitika lero, tili bwinobwino, mutu uli m'malo. Pali mafunso atatu amene banja lililonse liyenera kukhala ndi mayankho ake. Loyamba, munthu amene adzagwire wodwala wangayu ndi ndani, ndipo wamuvomereza ndani? Lachiwiri, kumbuyo kwake kuli chipatala chiti, choti zikamukanika atitumizeko? Lachitatu, adzalipira ndani?

Udokotala wa zadzidzidzi ndi chiyani

Pakati pa madokotala pali ena amene anaphunzira mozama za ana, ena za amayi, ena za maso, ena za mafupa. Palinso gulu lina limene ntchito yake ndi maola oyamba a matenda oopsa. Iwowa salandira wodwala wa mtundu umodzi. Amene walowa pakhomo, kaya wapsa ndi moto, kaya wamwa mankhwala ophera tizilombo, kaya wachita sitiroko, ntchito yawo ndi kuona msanga chimene chingamuphe m'mphindi zikubwerazi n'kuchitseka. Amayamba ndi njira ya mpweya ngati ili yotseguka, kenako kupuma, kenako kayendedwe ka magazi. Dzina lenileni la matendawo limabwera pambuyo, munthu atakhazikika.

Ukatswiri umenewu ndi waung'ono msinkhu. Ku America unavomerezedwa mu 1979. Ku South Africa unavomerezedwa mu 2003. Chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kuphunzitsa akatswiri otere mu 2010. Mu 2019 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, unagwirizana kuti dziko lililonse likonze dongosolo la chithandizo chadzidzidzi lofikira munthu aliyense. Kuno ku Zambia akatswiri amenewa ndi ochepa kwambiri, ndipo ochepawo amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Tinene chilungamo: tsiku la ngozi kuno kwathu, amene adzayambe kukugwirani adzakhala namwino, mzamba, clinical officer kapena dokotala wa matenda onse.

Zimenezi zisakufooketseni. Phunziro lalikulu pa nkhaniyi linachokera kwa anansi athu ku Malawi, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko dokotala wa ana, Elizabeth Molyneux, pamodzi ndi anzake, anaona kuti ana ambiri ankamwalira asanathe tsiku limodzi m'chipatala, ena ali pamzere penipeni. Cha m'ma 2001 anasintha kalandiridwe ka ana. Anaphunzitsa anamwino ndi ogwira ntchito ena kuzindikira mwana amene ali pangozi atangolowa, n'kumuchotsa pamzere kuti athandizidwe nthawi yomweyo. Kale pa ana 100 ogonekedwa ankamwalira pakati pa 10 ndi 18. Atasintha, chiwerengero chinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, WHO inaifalitsa m'maiko ambiri. Anapulumutsa ana amenewo ndi anthu wamba a m'chipatala ophunzitsidwa bwino ndi kuikidwa m'dongosolo labwino. Choncho chofunika kwa ife ndi kudziwa ngati munthu amene watilandirayo anaphunziradi ntchito yake, ndiponso ngati pali amene amamuyang'anira.

Funso loyamba: wamuvomereza ndani?

Kumudzi aliyense wogwira jakisoni timamutcha adokotala. Ndi ulemu wabwino, koma umabisa kusiyana kumene tiyenera kukudziwa. Dokotala amaphunzira zaka zambiri pa yunivesite. Pa University of Zambia, pamene sukulu ya udokotala inayamba mu 1966, maphunzirowa ankatenga zaka 7. Lero madokotala akuphunziranso ku Ndola pa Copperbelt University, ku Lusaka pa Levy Mwanawasa Medical University ndi m'masukulu ena. Akamaliza sayamba kugwira ntchito paokha. Amayamba agwira pansi pa madokotala akuluakulu m'chipatala chachikulu, ndipo akafuna kukhala akatswiri a mbali imodzi amabwereranso kukaphunzira zaka zina pafupifupi 4.

Clinical officer amaphunzira zaka 3, ndipo ambiri amene atumikira m'midzi yathu kwa zaka zonsezi anachokera ku koleji ya Chainama. Mu 2002 dziko lathu linayambitsa maphunziro owonjezera kwa ma clinical officer odziwa kale ntchito, kuti akhale ma medical licentiate. Amenewa amatha kuchita opaleshoni yotulutsa mwana m'mimba ndi maopaleshoni ena adzidzidzi m'zipatala za m'maboma, ndipo amayi ambiri akumidzi ali moyo lero chifukwa cha manja awo. Palinso anamwino, azamba, a ku labu ndi a zamankhwala. Aliyense ali ndi malire ake, ndipo wodziwadi ntchito amadziwa pamene malire akewo athera.

Anthu onsewa sadzilola okha kugwira ntchito. Madokotala, ma clinical officer, ma medical licentiate, a mano, a ku labu ndi a zamankhwala amalembetsedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia, HPCZ, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009 m'malo mwa Medical Council of Zambia. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, Nursing and Midwifery Council of Zambia, pansi pa lamulo la 2019. Mapepala ofunika ndi awiri, ndipo musawasokoneze. Satifiketi ya kusukulu imangonena kuti munthu anaphunzira. Laisensi yogwirira ntchito imanena kuti bungwe likumulola kugwira odwala chaka chino, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Munthu angathe kukhala ndi digiri yeniyeni koma atalandidwa laisensi chifukwa cha mlandu. Amene anaphunzira kunja kwa dziko, ngakhale atakhala katswiri wotani, ayenera kulembetsa ku HPCZ asanagwire wodwala muno. Ndipo amene akudzitcha katswiri ayenera kukhala m'kaundula wa akatswiri.

Nyumba yochitiramo ntchito nayonso imafuna chilolezo. Kiliniki ya munthu payekha iyenera kukhala ndi laisensi ya HPCZ. Sitolo yogulitsa mankhwala iyenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno motsatira lamulo la 2013. Mapepala amenewa malo ake ndi pakhoma, poonekera, kuti wolowa aliyense awawerenge. Onani dzina ngati likugwirizana ndi munthu amene ali patsogolo panu, ndipo onani chaka.

Inu alimi ndi amalonda, nthawi yogulitsa nshawa ndi soya simulola venda kupachika thumba lanu pa sikelo imene simunaione. Mumayang'ana chidindo cha boma, mumayesa ndi thumba lodziwika kulemera kwake, chifukwa mukudziwa kuti makilogalamu awiri obedwa pa thumba lililonse ndi fizi ya mwana. Laisensi ndiye chidindo cha pa sikelo ya dokotala. Ngati timasamala chotere pa thumba la nshawa, nanga bwanji pa thupi la mwana wathu?

Ndikunena izi chifukwa m'misika ndi m'midzi yathu muli anthu oyenda ndi zikwama, obaya jakisoni kuseri kwa kantemba, ogulitsa makapisozi awiriawiri oyanikidwa padzuwa, ena obwera ndi makina oti ukangogwira akuuza matenda onse a m'thupi. Ambiri a iwo amalankhula mokoma kuposa a kuchipatala, ndipo sakuimitsani pamzere. Koma jakisoni wobayidwa pamalo olakwika amapundula mwana mwendo, singano yogwiritsidwa kawiri imapatsira matenda, ndipo mankhwala omwa mwatheka amalimbitsa tizilombo m'malo motipha. Choipa kwambiri ndi nthawi imene amatidyera. Mwana wa malungo aakulu amene wataya masiku awiri kwa munthu wachikwama amafika kuchipatala magazi atatha kale.

Ena mwa inu mukuti m'mtima, kodi ine wosaphunzira ndingafunse bwanji mapepala a dokotala, si mwano umenewo? Ayi, si mwano. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu: pepani adokotala, dzina lanu ndani, ndipo ntchito yanu pano ndi yotani? Wogwira ntchito weniweni sakwiya ndi funso lotere, chifukwa mapepala ake anawavutikira. Amene wapsa mtima, kapena wayamba kuzungulira, wakuyankhani kale.

Kwa asing'anga athu ndilankhula mwaulemu womwewo. Anthu amakukhulupirirani, ndipo nthawi zambiri amafika kwa inu asanafike kuchipatala. Mukaona mayi wotaya magazi, mwana wokomoka, munthu wobanika kapena wofa mbali imodzi ya thupi, musamugoneke pakhomo panu. Mutumizeni nthawi yomweyo. Mudzakhala mwapulumutsa moyo, ndipo mudzi sudzaiwala.

Funso lachiwiri: kumbuyo kwake kuli chipatala chiti?

Palibe dokotala amene amapulumutsa wovulala kwambiri ali yekha. Pamafunika magazi oikidwa m'thupi, mpweya wa oxygen, labu, X-ray, chipinda cha opaleshoni ndi wogonetsa tulo, komanso galimoto. Katswiri wamkulu atakhala m'kachipinda kopanda zinthu zimenezi angathe kuchita zochepa chabe. Choncho mukamasankha kumene muzipita, funsani kuti: zikavuta usiku, mumatumiza kuti, ndipo mumatumiza bwanji?

Zipatala za boma zinakonzedwa motsatana. Pansi pali health post ndi kiliniki ya m'dera. Pamwamba pake pali chipatala cha pa boma, monga chathu cha Lundazi, ndi zipatala za mishoni monga cha Lumezi. Zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAZ, limene linayamba mu 1970, ndipo zimagwira ntchito limodzi ndi boma. Zikakanika pano, wodwala amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. M'chigawo chathu mulinso St Francis ku Katete ndi Mwami kufupi ndi Chipata. Kupitirira apo ndi ku chipatala cha UTH ku Lusaka, makilomita oposa 500 kuchokera ku Chipata. Ngakhale Lumezi ndi Chasefu anakhala maboma paokha mu 2018, misewu ndi mitunda ndi yomwe ija, ndipo abale athu a ku chigwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, amadziwa tanthauzo la ulendo wa wodwala m'nyengo ya dzinja.

Mitunda imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, pa ngozi thamangirani chipatala chovomerezeka chimene chili pafupi. Musadumphe kiliniki ya kwanu n'kuyamba ulendo wa maola ambiri ndi munthu wotaya magazi. Namwino wa pafupiyo angathe kutseka bala, kuika diripu, kupereka mankhwala oyamba a malungo aakulu, kuimbira foni kutsogolo ndi kuitanitsa ambulansi. Chachiwiri, kalata yotumizira wodwala ndi chinthu chamtengo. Imauza a kutsogolo zimene zapezeka, mankhwala amene aperekedwa ndi nthawi yake. Isungeni pamodzi ndi khadi la kuchipatala, ndipo akakuuzani kuti pitani ku Chipata musayambe mwabwerera kumudzi kukadikira msonkhano wa banja. Malume angathe kuuzidwa pa foni galimoto ili m'njira.

Ambiri a ife tili ndi abale tsidya lina, ndipo ena okhala m'malire amapita ku Embangweni kapena ku Mzimba kudzera pa Lusuntha. Kumeneko ogwira ntchito amalembetsedwa ndi mabungwe a dziko la Malawi, monga Medical Council of Malawi. Kumbukirani kuti laisensi ya dziko limodzi siigwira ntchito yokha m'dziko lina, ndipo inshuwalansi yathu ya boma imathera pa malire. Mukathandizidwa kumeneko, bwerani ndi mapepala anu kuti a kuno apitirize pamene anzawo alekezera.

Funso lachitatu: adzalipira ndani?

Pali mabanja amene amasunga wodwala m'nyumba chifukwa choopa ndalama. Mvetsetsani bwino apa. Mu April 2006, nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, boma linachotsa malipiro a chithandizo choyambirira m'zipatala za boma za m'maboma akumidzi, ndipo mu 2012 linawachotsa m'dziko lonse. Kusowa ndalama m'thumba kapena kusowa khadi la inshuwalansi kusakuletseni kufika pakhomo la chipatala cha boma.

Komabe tonse tikudziwa kuti matenda aakulu amadya ndalama. Pali mayendedwe, pali mankhwala amene atha m'chipatala, pali kupima kwina kumene kumachitika ku zipatala zazikulu zokha. Apa ndi pamene mabanja amagulitsa ng'ombe, kuthyola mpamba wa bizinesi kapena kugwa m'kaloba. Pofuna kuchepetsa mavuto amenewa Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo mu 2018. Bungwe loyendetsa ntchitoyi ndi NHIMA. Zopereka zinayamba mu 2019, ndipo anthu anayamba kuthandizidwa mu 2020.

Kwa munthu wolembedwa ntchito, amadula 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana wake amawonjezera chimodzimodzi. Wolandira K3,000 amapereka K30, bwana K30. Inu odzilemba nokha ntchito, ogulitsa salaula, osoka, ometa, oyendetsa honda ndi alimi, khomo ndi lotseguka kwa inunso. Mumalembetsa ndi chiphaso chanu cha NRC n'kumapereka mwezi ndi mwezi molingana ndi zimene mumapeza. Membala amalembetsanso mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Okalamba opitirira zaka 65 lamulo linawachotsera udindo wopereka, koma ayenera kulembetsedwa kuti adziwike. Inshuwalansiyi imathandiza pa kuonana ndi dokotala, kupima, kugonekedwa, opaleshoni, uchembere, mankhwala, mano ndi maso, motsatira mndandanda umene bungwelo linakhazikitsa.

Pali misampha itatu imene imagwira anthu ambiri. Woyamba ndi kuganiza kuti NHIMA imagwira paliponse. Imagwira pa chipatala, labu kapena sitolo ya mankhwala imene bungwelo linavomereza ndi kupangana nayo. Dokotala mmodzi yemweyo angathe kukuonani m'mawa pa chipatala chovomerezeka ndi NHIMA, madzulo n'kukuonani pa kiliniki imene siili m'pangano, ndipo kumeneko mudzalipira nokha. Choncho funsani za malowo musanalandire chithandizo chimene chingathe kudikira. Wachiwiri ndi kulekeza kupereka. Khadi lili m'chikwama koma miyezi yadumphidwa, pa kompyuta dzina lanu lidzaoneka logona. Inu olembedwa ntchito m'masitolo, tsimikizani kuti ndalama imene akukudulani ikufikadi. Wachitatu ndi kuiwala kulembetsa ana, makamaka wobadwa kumene. Zonsezi zimakonzedwa munthu ali bwino. Kulembetsa wodwala ali kale pabedi ndi kuchedwa.

Sindikukuuzani kuti NHIMA ilibe zovuta. Madandaulo a kusowa kwa mankhwala ndi kuchedwa kulipira zipatala amvekapo poyera, ndipo munthu wa kumudzi amakhala kutali ndi malo ambiri ovomerezeka kusiyana ndi wa ku Lusaka, ngakhale onse akupereka. Izi ndi zoyenera kuzinena kwa aphungu ndi makhansala athu mosaopa. Koma thumba lotere limalimba anthu abwinobwino akamaponyamo ambiri, ndipo amene akuperekamo ndi amene ali ndi mphamvu yofunsa kuti ndalama zikuyenda bwanji.

Mukafika pakhomo la chipatala

Kuchipatala odwala mwadzidzidzi saonedwa motsata amene wayamba kufika. Amaonedwa motsata kuopsa kwa matenda. Mukaona wobwera pambuyo panu akulowetsedwa msanga, nthawi zambiri si kukondera, koma moyo wake uli pangozi kuposa wanu. Inunso mukabwera ndi mwana wokomoka, wobanika, wolephera kuyamwa, kapena mayi woyembekezera wotaya magazi, musakhale chete kumapeto kwa benchi chifukwa cha ulemu. Pitani kutsogolo mukanene.

Panjira, chitani zochepa zimene zimathandiza. Bala lotuluka magazi litsindireni mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Wokomoka mugonekeni chammbali ndipo musamumwetse kanthu. Wopsa ndi moto muthireni madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapaka zina. Wolumidwa ndi njoka musamuteme mphini kapena kumumanga zolimba, asayende, munyamuleni. Womwa mankhwala a m'munda kapena parafini musamusanzitse, ndipo tengani botololo kuti a kuchipatala alione.

Ngati mwachitiridwa zosayenera, kapena wina wakupemphani ndalama zopanda lisiti, njira yodandaulira ilipo. Yambani ndi woyang'anira chipatalacho kapena komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, kenako ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Mlandu wa khalidwe la wogwira ntchito umafika mpaka ku HPCZ kapena ku bungwe la anamwino, amene ali ndi mphamvu yolanga ndi kulanda laisensi. Apa ndi pamene phindu la munthu wolembetsedwa limaonekera: ali ndi kumene mungakamunenere. Wachikwama uja akalakwitsa amangosamukira msika wina.

Pempho langa

A Wapampando ndi komiti ya msika, ndikupempha zinthu zinayi. Lembani pa chikwangwani cha msika uno manambala a foni a chipatala ndi a madalaivala odalirika oti angadzutsidwe usiku. Itanani a NHIMA adzakhale pano tsiku la msika, alembetse anthu ndi kuyankha mafunso awo pamaso. Pemphani ofesi ya zaumoyo iphunzitse chithandizo choyamba kwa anyamata a honda ndi amalonda angapo, popeza iwowa ndi amene amayamba kufika pa ngozi. Ndipo musalole munthu wopanda chilolezo kubaya jakisoni kapena kugulitsa mankhwala a chipatala mumsika muno, ngakhale atakhala mbale wathu.

Inu amayi a m'magulu a chilimba ndi mabanki a m'mudzi, patulani kathumba ka mayendedwe a wodwala, kosabwereketsa pa zina. Kwa atsogoleri athu a boma, tikupempha kuti maphunziro a chithandizo chadzidzidzi afike kwa namwino ndi clinical officer aliyense wa m'kiliniki zakumidzi, ndiponso kuti ambulansi zikhale ndi mafuta, magazi azipezeka, ndi msewu wa ku Chipata uzisamalidwa, chifukwa umanyamula odwala athu.

Kwa inu nonse, musanagone lero kambiranani m'banja mwanu. Dziwani chipatala chovomerezeka chimene chili pafupi nanu, dziwani amene adzakunyamuleni usiku, onani ngati NRC, makhadi a kuchipatala ndi a NHIMA ali pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba. Amene simunalembetse, kalembetseni mwezi uno.